Chitenje Pansi pa Chitseko

Fungo lija linamulonjeranso Lilian Lamulungu masana, akutuluka m'chikepe cha nyumba yosanja yomwe ankakhalamo, atanyamula zovala zochapa. Nsomba ndithu, zosakaniza ndi adyo. Osati nsomba za m'mafiriji a ku Scarborough kuno zosamveka kanthu ayi. Usipa weniweni, wouma, woti wakhalitsa m'chikwama.

Chifikireni ku Canada, Chichewa ankachilankhula pa foni pokha. Ntchito yake inali yosambitsa ndi kudyetsa okalamba, ndipo akaweruka omulandira kunyumba anali nsikidzi basi, zomwe zinali zitasautsa mdadada wonse. Mayiyu anali wosungulumwa, tisabise.

Fungolo linkachokera ku chitseko choyang'anizana ndi chake. Mwini wake anali asanamuonepo, anangomva kuti walowa chaposachedwa. Koma mpata wa pansi pa chitsekocho unali wotseka ndi chitenje chachikasu cha maluwa obiriwira, ngati zija za mumsika wa Limbe. Mzungu angatseke mphepo ndi chitenje? Ameneyu ndi wakwathu basi!

Dzulo lake anagogoda koma sanayankhidwe. Anaimapo ndithu akununkhiza, mpaka mutu unayamba kumuwawa. Iye anati n'kutopa.

Tsono lero anakazinga mandasi, nawaika m'mbale yabwino ija, navalanso chitenje chake.

"Odi kuno! Odi achemwali, kaya ndi achimwene, ndine mnansi wanu!"

Kuli zii.

Mwina ali kutchalitchi, abwera pompano. Lilian anakhala pansi n'kutsamira chitsekocho, mbale ili pamiyendo. Anasololako chitenje chija kuti aone bwino maluwa ake, fungo n'kutuluka lochuluka. Anatsinzina, nayamba kukonza zokafunsa. Kwanu n'kuti? Munabwera liti? Usipawo simungandigawireko? Chifuwa chinayamba kubanika, mseru nawo uwu, koma kuchokapo sanafune. Kudikira konseku, munthu afike iye atalowa m'nyumba?

Anatsitsimuka ali pa machira, akukankhidwa ndi ozimitsa moto ovala zophimba kumaso. Mandasi anali mbwee pansi, chitseko chija chitathyoledwa.

"Mnansi wanga ali bwino?" anafunsa m'Chingelezi, mawu akutuluka movutikira.

"Mulibe munthu umo, mayi," anayankha mmodzi wa iwo. "Anachokamo sabata yatha, atamwaza mankhwala ophera nsikidzi, n'kutseka mipata yonse. Mankhwalawo ndi a fosifolasi. Akangokumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha, wonunkha ngati nsomba."

Anamuonetsa chithunzi cha kachitini pa foni. Lilian anakazindikira pomwepo. Anali mapilitsi ophera anankafumbwe m'chimanga, aja bambo ake ankakalipa kwawo ku Thyolo mwana akangowayandikira.

Sanalakwitse ayi. Munthuyo analidi wakwawo.