Botolo Louma la ku Kaseye

Nyimbo za maliro zili mkati, Enock Silungwe anadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, kumene kunali chitini choyezera mvula. A zanyengo anamupatsa kuti aziwerenga m'mawa uliwonse, ndipo miyendo inangomutengera komweko yokha.

Anavundukula chitinicho n'kutulutsa botolo. Munalibe ngakhale dontho.

Dzulo linali louma chomwechi pamene mwana wake Salome anaima pomwepa, dengu la kuchigayo lili pamutu, khadi la chipani atalimanga pansonga ya chitenje. Maso ake anali ku mapiri a Misuku, kumene kunada bii.

"Adada, ndiwoloke? Amama akuti mtsinje udzaza."

"Amayi ako amamvera mvula m'mawondo. Ine ndimayeza ya boma," anatero Enock akuseka, n'kumuonetsa botolo lija. "Pita, madzi ake ndi olekeza m'akakolo."

Mvula inagwa kumapiri kokha, kumene kulibe chitini. Ku Kaseye dzuwa linali likuswa mtengo pamene madzi ofiira anatsika. Dengu analipeza litakodwa m'bango. Salome anamupeza kumunsi kwa madimba.

Tsopano mkazi wa Enock, Dinah, anatulukira pangodya ya nyumba, amayi awiri atamugwirizira m'khwapa. Mawu anali atamuthera ndi kulira.

"A Silungwe, werengani timve," ananong'ona. "Boma likuti yagwa yochuluka bwanji?"

Enock anakweza botolo kufika pamaso, monga anamuphunzitsira a zanyengo aja, ndipo analephera kulitsitsa.