Nsomba kwa Asiong, chikalata kwa Meifang

"Ndipatse chikalata cha nsomba ija, Meifang. Wogula akundidikira."

Meifang sanatukule n'komwe mutu, anangopitiriza kukazinga nthochi zake zamalonda. Asiong, mwamuna wakeyu, anathawa pabanja mwezi watha atanyamula chinsomba chofiira cha arowana, chotalika ngati mkono, chimene Meifang anachidyetsa nkhululu zaka zisanu. Ankafuna achigulitse kuti akakwatirire wina. Koma mumzinda wa Pontianak muno, ku Indonesia, anthu sagula arowana yopanda chikalata chosonyeza kumene inabadwira, amaopa kumangidwa.

"Chikalata chiti, bambo?"

"Usandipusitse iwe! Nsomba imeneyo ndi marupiya mamiliyoni makumi atatu!"

"Ikakhala ndi chikalata. Popanda chikalata ndi ndiwo basi. Kaikazingeni, mkazi watsopanoyo alaweko."

"Ndikakusumira!"

"Pitani. Mukawauzenso kuti munatuluka nayo pawindo."

Asiong anaitsatsa masabata atatu, aliyense akumukana, nsomba ikungodya. Kenako kunabwera mkulu wina wachipewa amene sanafunse za chikalata. Anatchula mamiliyoni awiri okha, Asiong n'kulandira ndi manja awiri.

Tsiku lomwelo anathamangira kwa Meifang kukadzitama.

"Ndagulitsa! Chipepala chakocho uzikulungira nthochi."

"Mwachita bwino," anatero Meifang, akusuntha pakhomo kuti mwamunayo aone bwino m'nyumba.

Mkulu wachipewa uja, kasitomala wa Meifang wa m'mawa uliwonse, anali pampando akumwa khofi. Pambali pake, m'thanki yagalasi, chinsomba chofiira chinali kuzungulira mwaufumu, chikalata chitamatidwa pagalasipo.