Mkamwini amene anajambula dziwe la apongozi

Panali munthu wina kwa Mwambo, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, dzina lake Fanuelo. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo mpaka pano imandiwawa.

Fanuelo anali mkamwini, ankakhala kwawo kwa mkazi wake Emma ndi mwana wawo Grace. Pocheza ankaseketsa anthu mpaka kugwira nthiti. Anzake ankamuuza kuti atsegule bulogu, tsamba lake pa intaneti lolembapo za tsiku ndi tsiku. Iye ankakana.

"Ndilembepo chiyani ine? Kuti lero ndadya matemba, mawa ndidyanso matemba? Zimenezo amalemba ndi anthu oopa khasu."

Anakana zaka ziwiri zathunthu. Akanapitiriza kukanako, bwenzi lero ali pabanja.

Chaka china nyanja inayamba kuphwa. Mabwato anagona pamatope, ndiwo zinasowa mudzi wonse. Koma kwa a Gerishomo, apongozi ake a Fanuelo, mlamba sunkasowa. Mkati mwa mabango munali dziwe lakuya kumene milamba imathawira madzi akachepa. A Gerishomo anaonetsedwa malowo ndi malume awo, ndipo ankatcherako miono iwiri yokha kuti nsomba zisathe. Miyendo itayamba kuwavuta, anamutenga Fanuelo kukamuonetsa.

"Akamwini, mukaima apa phiri la Chisi likhale kumbuyo kwanu, mgwalangwa wokhota uwo kumanja. Ana anga aamuna sindinawauze, ali ndi pakamwa. Ndauza inu."

Masiku omwewo kunabwera mlendo wina, Harry, wogula nsomba kukagulitsa ku Songani. Anaona Emma akuwamba milamba ikuluikulu pamene ena akudya chigwada, koma sanafunse kanthu. Anangoyamba kucheza ndi Fanuelo, kuseka nthabwala zake zonse, ngakhale zosaseketsa.

"Achimwene, mutu wanuwu mukuuwononga kumudzi kuno. Bweretsani foniyo ndikutsegulireni bulogu. Anthu a ku Zomba, ku Blantyre, akudziwani."

Munthu amene anakanira anzake zaka ziwiri anavomera mlendo tsiku limodzi. Kuyamikiridwa kumaledzeretsa kuposa kachasu.

Emma sanakondwe nazo. "Bambo a Grace, munthu mwamudziwa dzana lomweli. Za pakhomo pano musamaike m'fonimo."

"Iwe, akuwerenga ndani? Dzulo anawerenga anthu anayi, ndipo awiri mwa iwo ndine ndemwe."

Analemba za njinga yake yophulika tayala. Analemba za udzudzu wa ku Chilwa, kuti umaluma ngati walipidwa. Analemba za mbuzi imene inadya sopo. Pofika sabata yachitatu nkhani zinamuthera, ndendende monga ankanenera kale. Wolemba ndemanga anali mmodzi yekha, Harry yemweyo. Tsiku lina analemba kuti, "Mumalemba bwino achimwene, koma tionetseniko kuntchito kwanu. Anthu amafuna zithunzi."

M'mawa mwake Fanuelo anakavuula miono, nadzijambula atanyamula mlamba waukulu ngati ntchafu, mano onse pamtunda. Dzina la malo sanalembe, ndipo anadziona wochenjera. Koma kumbuyo kwake pachithunzipo kunali phiri la Chisi, pambali pake mgwalangwa wokhota uja. Msodzi wa pa Chilwa safuna mapu. Phiri ndi mtengo zimamukwanira.

Patapita masiku awiri, Fanuelo akupita kukaona miono anamva phokoso m'mabango. Anapeza amuna oposa makumi awiri ali m'dziwe, akukoka makoka ndi maneti a udzudzu. Harry anaima pamtunda ndi madengu, akulozaloza ndi chala. Amunawo anatenga zonse, ndi tiana ta nsomba tomwe. Miono ya a Gerishomo inapondedwa m'matope. Dzuwa lisanafike pamutu, dziwe limene linadyetsa banja lija m'zaka zingapo za njala linasanduka phala.

"Achimwene Harry, mwandichita chiyani?"

"Ine? Nyanja ndi ya tonse. Mwaonetsa nokha, sindinakulandeni foni."

A Gerishomo atamva sanakalipe. Anapempha Emma kuti awaonetse chithunzicho, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Akamwini, ine ndimayesa pakamwa ali napo ndi ana anga."

Anangonena zomwezo. Mwezi umenewo Grace anayamba kudya chigwada ngati ana ena onse, ndipo agogo ake, a Gerishomo odwala miyendo aja, anawonda mpaka malaya kukula. Ankhoswe anakhala pansi kawiri, koma abale a Emma anati munthu wotaya chinsinsi cha pamudzi sangadye nawo mbale imodzi. Emma analira, koma zovala za mwamuna wake anamulongedzera yekha m'thumba la feteleza. Fanuelo anakankha njinga yake kubwerera kwawo, Grace akumuthamangira mpaka pamsewu.

Bulogu ija akuti ikadalipo. Chithunzi chimene chinathetsa banja chinaonedwa ndi anthu asanu ndi awiri okha. Pansi pake pali ndemanga imodzi, ya Harry: "Zikomo achimwene."

Phunziro: Musamati "akuwerenga ndani?" Wowerenga mmodzi ndi wokwanira kukugwetsani. Ngati mulibe cholemba, ikani foni m'thumba, osayamba kugulitsa zimene anakunong'onezani achibale. Tumizani nkhaniyi kwa mnzanu uja amene amajambula chilichonse, asanajambule chomaliza.