Zala Zinayi M'chiuno

Aka kanali kachitatu a Mailesi kubweza diresi lomwelo. Anasolola ulusi, n'kupinda nsalu zala ziwiri m'chiuno, n'kuyambanso kupondaponda makina.

Ku Matandani aliyense ankadziwa kuti mayiwa amasoka, koma zawo zokha. Wobwera ndi chitenje ankamubweza mwaulemu: "Ine si telala, ndimangosewera." Masewera akewo! Akalowa m'tchalitchi ndi diresi latsopano, azimayi ankapotoza makosi mpaka kusokoneza ndime ya nyimbo.

Koma chaka chino makinawo ankadziwa ntchito imodzi basi, yochepetsa zovala. Thupi la a Mailesi linkatha ngati sopo. Kuchipatala anawapeza ndi chotupa m'mimba, ndipo ataona mmene dokotala ankayang'anira pansi polankhula, sanafunsenso zambiri.

Imfa sinkawaopsa kwenikweni. Chinkawadya mtima ndi amuna awo, a Binwell, amene anafa ziwalo mbali imodzi zaka zitatu zapitazo. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, zonse zinali pamutu pa a Mailesi. Dzana anayesa kuwadzutsa kuti akaothere dzuwa, onse awiri n'kugwera pakhomo. Anakhala pomwepo akuyang'anana, wina osatha kudzutsa mnzake. A Binwell analira. A Mailesi anaseka dala kuti asalire nawo, koma mantha anawagwira: ine ndikapita, bamboyu adzamutembenuza ndani?

Yankho linali limodzi: Eliness, mwana wawo yekhayo, yemwe ankagwira ntchito m'sitolo ku Blantyre. Mtsikana wa thupi lake ameneyo, woti ali kumudzi ankasenza thumba la kachewere kutsika nalo phiri osapumira. Kwa miyezi inayi a Mailesi ankatenga foni n'kuibwezanso pansi. Mwana wako ungamuuze bwanji kuti siya ntchito, dzaike mayi ako, utsale ndi bambo ako?

Ndiye Lachiwiri Eliness anaimba yekha. "Amayi, ndikubwera Lachisanu. Ndidzakhalitsa ndithu."

A Mailesi anagwada pomwepo. Mulungu anali atawalankhulira.

Sanafune kuti mwana awaone akusambira m'diresi asanalowe n'komwe m'nyumba. Nkhani yoipa idikire ayambe wamwa madzi. N'chifukwa chake Lachisanu m'mawa anali pamakina. Anawonjezera timapinda pachifuwa, manja anawafufumitsa, khosi analitseka mpaka m'mwamba. Atadziyang'ana pagalasi anavomereza kuti luso likadalipo: mafupa onse anali atabisala.

Njinga yamoto inaima pabwalo dzuwa litapendeka. Eliness anatsika ndi masutikesi awiri, duku lalikulu kumutu, nkhope yopakapaka zachitauni. Anavala diresi lobiriwira limene amayi ake anamusokera pa Khirisimasi ina, chovala chokhacho chimene anasokerapo munthu wina. Linkamukhala bwinobwino ngati tsiku loyamba. Mtima wa a Mailesi unakhala pansi. Masutikesi awiri, ndiye kuti wabweradi kudzakhala.

"Amayi!"

"Mwanawe, wayenda bwanji?"

Anakumbatirana. Koma manja a munthu wosoka sakhala chete, ngakhale pamoni. Zala za a Mailesi zinatsata msoko wa m'mbali, monga mwa chizolowezi, ndipo zinaima. Msokowo sunali wawo. Unali wa pamanja, wokhotakhota, ndipo kumbuyo kwake kunali nsalu yopindidwira mkati. Anayeza mwakachetechete: zala zinayi. Mbali inayo, zinayinso. Pansi pa nsaluyo nthiti zinkawerengeka.

Eliness sanawasiye. Anawagwiritsa, n'kunong'oneza kuti bambo ake m'nyumbamo asamve.

"Ntchito ndasiya, amayi. Madokotala akuti ndipite kwathu, ndikakhale ndi wondisamalira. Usiku ndi usana ndakhala ndikuthokoza Mulungu kuti inuyo mukadali ndi mphamvu."