Bondo la Mkamwini

Chikhazikitsireni lamulo loti makina ochiza ululu ndi mafunde a phokoso aziyaka m'dzanja la mwini khomo yekha, akamwini anaona zakuda.

Yotamu bondo lakumanzere linali litamuzunza zaka zitatu, moti anali ndi chilolezo chopuma ntchito ya kumunda. Mwini khomo anali apongozi ake, aNankhoma, amene chikwatireni sanayang'anizane nawo. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'chimanga. Nanga mwendo akanaugwira bwanji?

Mkazi wake Esinala anapeza nzeru. Anatchinga chitenje pakhomo, Yotamu m'kati, iye ndi mayi ake panja. Apongozi anapisa dzanja kunsi kwa chitenjecho, makina n'kuyamba kugogoda ngati gogomole, koma pa bondo lakumanja, labwinobwino. Mkamwini woleredwa bwino angauze apongozi kuti aphonya?

"Afunse, akumvako bwanji?" anatero aNankhoma kwa Esinala.

"Uwauze amayi kuti dzanja lawo n'lodala," Yotamu anayankha.

Yotamu atamunong'oneza Esinala kuti aphonya bondo, mkaziyo anangoti, "Mukufuna amayi achite manyazi, abambo?" Sabata yotsatira Yotamu anapingasa miyendo mwakachetechete. Apongozi anapapasa mpaka kupeza bondo lomwe lija, nati: "Uwauze asamatakataka. Bondo langa ndikulidziwa."

Itakwana sabata yachisanu ndi chimodzi, makina analengeza mwaulemu: "Wodwala wachira. Chilolezo chopuma chathetsedwa."

M'mawa mwake Yotamu anasenza khasu kulowera kumunda wa apongozi akutsimphina. ANankhoma anamuyang'ana kumbuyo, napukusa mutu.

"Akamwini a masiku ano! Bondo lina tangochiza kumene, ayambitsa kale linzake."