Mwamuna wa Lizzie

Kunatsala mphindi makumi awiri kuti abale a mnyamatayo aimbe kuchokera ku Alabama, ndipo a Gibson Kalimanjira anali asananene kuti inde kapena ayi.

Anakhala patebulo m'nyumba yawo ku Wakefield, ku Mangalande, atamanga taye, laputopu ili patsogolo. Pasofa panali Michelle, mwana wa mlongo wawo, ndi Terrence, mnyamata wa ku America amene ankagwira ntchito limodzi ndi Michelle ku Leeds. Awiriwa ankafuna ukwati. Mayi a Michelle, ali ku Dedza, anali atanenetsa pafoni kuti malume akakana, nkhani yathera pomwepo.

A Gibson anagwirapo ntchito ya kalembera wa anthu mu 1998, masabata atatu, ndipo ukatswiriwo sunawachokebe mpaka lero. Atangomva kuti mabuku akale a kalembera wa ku America ali pa intaneti, anapempha tchuthi kuntchito. Mwana wa eni saperekedwa ku mtundu wosadziwika. Pofufuza mtundu wa Terrence, anayambira kuchikazi.

"Anthu akuno amatsata dzina la bambo," ankatero. "Mtundu uli kwa mayi."

Pakhoma, pamwamba pa mutu wawo, panali chithunzi cha agogo awo, Abusa Zakeyu Kalimanjira, amene anachoka ku Dedza mu 1924 kukaphunzira kutsidya kwa nyanja zamchere, n'kubwerako patatha zaka zisanu ndi ziwiri ali ndi Baibulo ndi chipewa. Mlendo aliyense ankayamba waonetsedwa chithunzicho asanapatsidwe mpando. Dziko limene anaphunzirako abusa sankalitchula. A Gibson anasankha kumauza anthu kuti ndi Scotland.

"Tiyambe ndi 1950," anatero m'Chingerezi cha paguwa. "Lizzie, agogo a mayi ako, Terrence. Wolima thonje. Mwana mmodzi, Ennie. Mwamuna palibe."

Terrence anagwedeza mutu.

"1940. Lizzie wabwerera kwa bambo ake, watenganso dzina la kwawo. Sanalembedwe kuti wamasiye. Analembedwa kuti wokwatiwa. Mwamuna palibe." Anagogoda tebulo ndi chala. "Ndiye kuti anali moyo. Anali kuti?"

"Dzina lake kwathu sititchula, ankolo," anatero Terrence. "Agogo Ennie ankangoti ananyamula sutukesi tsiku lina. Iwo anali ndi zaka zitatu."

"Wamva, Michelle? Anathawa mwana wa zaka zitatu."

"Amalume, zimenezo n'zakalekale. Terrence walakwa chiyani?"

"Kuthawa ana kumayenda m'magazi, mwanawe. Mbewu ya munthu wotero sikwatira. Ndanena ine."

Michelle anayang'ana wotchi. Mphindi zisanu ndi zitatu. Holo ya chinkhoswe inali itasungitsidwa kale, zitenje zitafika kale kuchokera ku Lilongwe.

Chinatsala ndi dzina. A Gibson sankafuna kukana anthu chimanjamanja ngati munthu wosaphunzira. Ankafuna kuwatchulira wothawayo, dzina lake, zaka zake ndi ntchito yake, anthu a ku Alabama adziwe kuti akumana ndi yani. Koma popanda dzinalo kompyuta sinkathandiza. Kwa sabata yathunthu anakhala akutsegula kalembera wa 1930 wa dera limenelo tsamba ndi tsamba, munda ndi munda, ndipo anatsala ndi masamba atatu.

Tsamba loyamba, palibe. Lachiwiri linachedwa kutseguka, kachizindikiro kakuzungulira pagalasi. M'nyumbamo munkangomveka mvula pazenera.

Mphindi zitatu.

Linatseguka. Anasendeza nkhope pafupi. Zolemba zinali zapamanja, zing'onozing'ono, zopendekera, ndipo magalasi owerengera anali atathyoka Lachinayi. Komabe anatha kuona Lizzie, mkazi wa mwini nyumba. Pansi pake Ennie, zaka ziwiri. Pamwamba pawo panali mzere wa mwini nyumbayo, dzina lake lalitali losefukira m'bokosi.

"Wapezeka!" Anaimirira, n'kukonza taye. "Bwera, Michelle. Werenga wekha mokweza, kuti mawa usamauze anthu kuti malume ako ndi ankhanza. Kalembera sanama."

Michelle anapita ngati wopita kukaona nkhope pamaliro. Anawerama. Anakulitsa mzerewo ndi zala ziwiri, n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza maso kukhoma.

Laputopu inayamba kulira. Anthu a ku Alabama anali anthu osunga nthawi.

"Werenga, iwe!"

"Ntchito, mlaliki," anatero Michelle. "Chaka chofika ku America, 1924. Kobadwira, Nyasaland. Dzina, Zakeyu Kalimanjira." Anaongoka. "Ndiwayankhe ndine, amalume, kapena muwauza nokha za magazi aja?"