Chiwongolero Chovina cha a Mphenzi

Galimoto inali kale m'mwamba pa majeke, magudumu akutsogolo ali lendelende, ndipo mayi Mphenzi anali ataluma ngodya ya mpango kuti kuseka kusawapulumuke. Sikunali kuseka kwa chimwemwe ayi. Mayiwa akachita mantha amaseka, ndi mmene anabadwira.

Amuna awo, amene anzawo anawapatsa dzina loti Mphenzi chifukwa cha liwiro, anaima pakati pa galaja ya matayala akuonetsa vuto. Anagwira chiwongolero cha m'malere n'kuyamba kunjenjemera thupi lonse, masaya ndi mimba yomwe.

"Ikangofika pa 80, ndi izi," anatero. "Mano amachita kugundana."

"Lero zitha zimenezi, achimwene," anayankha Kamvuluvulu, mnzawo amene anawakokera kuno mokakamiza. "Loweruka tili ndi ulendo wa kumapiri. Sitingamakudikireni panjira ngati tikuperekeza maliro."

Nkhaniyi inayamba pamene a Mphenzi anakweza galimoto yawo n'kuiveka zimatayala zofika m'chiuno. Inatalika moti mayi ankakwera mochita kukankhidwa kumbuyo. Ndiye munthu woyendetsa ngati akuthawa njuchi n'kumupatsa chinthu chachitali chotero? Mayi anayesa kuwakumbutsa kuti kuthamanga si kufika. Anayesa kulira. Anayesa kukwiya osayankhula. Zonse zinangopita ndi mphepo, ndipo mayi anaopa kwenikweni kuti atsala okha ndi ana.

Mwayi wake, amene ankaveka matayalawo anali mlongo wa mayiwo, makaniko. Mayi anamukokera pambali n'kumuuza nkhawa yawo. Iye anafotokoza kuti tayala lalikulu silikhala lolemera mofanana mbali zonse. Amalizunguza pamakina n'kumata timitovu m'mphepete mwa limu, chitsulo chovekapo tayala chija, kuti lizizungulira mosagwedera. Ukasiya kamtovu kamodzi, galimoto imayenda bwinobwino pang'onopang'ono, koma ikathamanga chiwongolero chimayamba kuvina.

"Ndiye kasiye," anatero mayi. "Ngati umawakonda alamu akowa, kasiye."

Zinatheka, abale inu. Kuyambira pamenepo a Mphenzi anasanduka munthu. Ankayenda mwaulemu, malole a mchenga akuwapitirira, iwo akungong'ung'udza. Loweruka lililonse, anzawo akamapita kokathamangitsana, iwo ankathera pansi pa galimoto. Anapopa matayala, anaphwetsako. Analimbitsa manati. Anapala matope ouma m'kati mwa malimu ndi supuni ya kukhitchini. Anasintha mabushi, anagwedeza maberingi, anatukwana mashoko osalakwa. Mayi ankawabweretsera madzi akumwa ndi nkhope yachisoni, "Pepani bambo, mwina magalimoto ena amangokhala choncho," kenako n'kuthamangira kubafa kukaseka mpaka misozi. Nzeru zoterezi ankadzisirira nazo okha.

Koma lero madzi anali atachita katondo. Iyi sinali galaja ya mlongo wawo. Makina aja anali apo pakona, ndipo mwini galaja, mkulu wadazi wosadziwa kumwetulira, anali atamasula kale gudumu loyamba. Makina sanama, komanso alibe mlamu. Akangoulula, mlongo wawo ayaluka, iwo ayaluka, ndipo Loweruka bambo a ana awo akauluka pamsewu wokhotakhota wa kumapiri popanda chowaletsa.

"Mayi, kodi mukulira?" anafunsa a Mphenzi atawaona mapewa akugwedera.

"Ndi fungo la matayalawa, bambo."

"Alamu akumvera chisoni galimoto," anatero Kamvuluvulu. "Limbani mtima, alamu. Mkulu uyu vuto amalinunkhiza lili patali. Pofika madzulo amuna anuwa akhala atabwerera mwakale."

Mawu amenewo ndi amene anawamaliza. Gudumu litakwezedwa pamakina n'kuyamba kuzungulira, vuuu, mayi anaona kuti akakhala pomwepo aphulika. Anazembera kuseri kwa mulu wa matayala akale n'kunjuta pansi, mpango kukamwa, thukuta lili kamukamu. Anayamba pemphero lopanda mutu: Ambuye, magetsi azime, ngakhale pang'ono pokha, ine sindidzanamanso mpaka kalekale.

Magetsi sanazime. M'malo mwake foni ya Kamvuluvulu inalira, iye n'kutuluka nayo panja akuyankhula mokuwa. Makina anaima. M'galaja munangoti zii.

Mayi anasuzumira pampata wa matayala. Mkulu wadazi uja anayang'ana manambala pamakina. Anayang'ana kukhomo. Kenako anapukuta manja pa ovololo n'kusendera pafupi ndi a Mphenzi. Mayi anatsinzina n'kuyamba kusanja mawu opepesera, koma kuseka kunali kudakali pakhosi, osafuna kutsika.

"Bwana, lero tinamizira chiyani?" ananong'ona mkuluyo. "Magudumuwa ndinawakonza ndekha mlungu womwe munawavekawo. Alibe vuto."

"Nenani kuti ndi shafiti, ndipo sipeya yake sipezeka," anayankha a Mphenzi motsitsa mawu. "Chigalimotochi chinatalika kwambiri, bambo, ine ndimachiopa koopsa. Koma anzangawa asamve, makamaka mayi akunyumba. Amandinyadira kuti sindiopa kanthu."